Kugula nyumba yakutha ku Mufakose nkuikonza kuti ndigulitse, phindu lilipo kapena ndingotaya mpamba?

Mnyamata wa ku Ntcheu

Moni akuluakulu nonse muno. Paja amati safunsa anadya phula, nde ndati ndifunse ndisanatulutse ndalama mthumba. Ine ndimayendetsa malole njira ya Beitbridge kupita ku Joni, ndakhala ndikusunga pang'onopang'ono mpaka pano ndili ndi $32,000 ndipo ndikufuna ndalamayi iyambe kundigwirira ntchito, zogona mu kabini pa boda zandikwana.

Ku Mufakose, lokeshoni ya mu Harare kuno ku Zimbabwe, kuli nyumba ina, zija zakale za khonsolo za zipinda folo, denga la asbestos. Mwini wake anali madala ena ochokera kwathu ku Malawi, anabwera kuno nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland, anatisiya chaka chathachi. Ana ake anabalalika, wina ali ku UK, awiri ku Joni, amene watsala kuno ndi wamwamuna mmodzi ndipo ndi amene akugulitsa. Akuti $22,000 kashi, ali pa changu chifukwa nayenso akufuna atsatire abale akewo.

Nyumbayo ndakaiona, kunena zoona inatha. Khoma la kuchipinda chogona lili ndi mng'alu woyambira pa kona ya windo kukwera mpaka kudenga, chala chaching'ono chikulowa. Siling'i palibe, ukayang'ana kumwamba pena ukuona kuwala. Chitseko cha kukhitchini chiswe chinadya kumunsi konse, toileti ndi yapanja ndipo thanki yake anamanga ndi waya, pansi ndi simenti yofiira ija yoti inasweka malo ambiri. Kuseri madala anamangako zipinda ziwiri, muli maloja, anthu a lendi, mabanja awiri. Mpanda kulibe, kuli heji basi ndi mtengo wa mango waukulu pafupi ndi khoma.

Anthu a mu laini yomweyo akuti nyumba ina yokonzedwa bwino, ya durawall (mpanda wa konkire) ndi matailosi, inapita pa $38,000. Nde ine mmutu mwanga ndikuti ndikaika $7,000 yokonzera ndikhala ndalowetsa $29,000, ndikagulitsa pa $38,000 nditsala ndi $9,000 yanga, ndigulenso ina, basi bizinesi yayamba. Koma sindinapangepo zimenezi, ngakhale khola la nkhuku sindinamangitsepo. Amene mukuzidziwa ndithandizeni, ndiyambire pati, ndi chani chimene ndikuyenera kuopa, ndipo masamu angawa ali bwino?

Nangozo wa ku Highfield

Achimwene, ming'alu ndi matailosi muzisiye kaye, zimenezo akuyankhani amisiri. Ine ndinagwira ntchito nthawi yaitali mu ofesi ya maloya mtauni ndipo chimene chandidzidzimutsa mu nkhani yanuyi ndi chakuti mwalemba za chiswe, za mango, za toileti, koma za mapepala simunalembe liwu ngakhale limodzi.

Funso loyamba, nyumbayo ili ndi title deed kapena ndi ya cession? Nyumba zambiri za mmalokeshoni akale ngati Mufakose, Highfield kwathu kuno, Mabvuku, Kambuzuma, anthu anazigula ku khonsolo koma ambiri sanakatenge title deed, nde umwini wake uli mu fayilo ya khonsolo basi, imeneyo ndiye ya cession. Ikakhala ya title deed, loya wanu akafufuze ku Deeds Office, aone dzina lili pamenepo, aone ngati nyumbayo sinaperekedwe chikole ku banki komanso ngati palibe caveat imene wina anaikapo yoletsa kugulitsa. Ikakhala ya cession mupite nokha ndi wogulitsayo ku ofesi ya khonsolo ya ku Mufakose komweko, komanso ku ofesi yoona za nyumba ija ili pa Remembrance Drive ku Mbare, mukaone fayilo ndi maso anu. Fotokope imene munthu wakupatsani pamsewu musaikhulupirire, fotokope aliyense amapanga.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene pali nkhani, mwini wake anamwalira. Mwana wa malemu alibe mphamvu yogulitsa nyumba chifukwa choti ndi mwana, olo akhale woyamba kubadwa, olo akhale kuti ndi amene amasamala madalawo akudwala. Chuma cha masiye chimayenera kukalembetsedwa kwa Master of the High Court, banja likumane, asankhidwe executor woyendetsa chumacho, apatsidwe letters of administration, kalata yomupatsa mphamvu, ndipo kuti agulitse nyumba kwa munthu payekha osati pa okushoni pamafunika chilolezo cha Master, section 120 ya Administration of Estates Act ndi imene imanena zimenezo. Mukagula kwa mwanayu popanda zimenezi, tsiku lina wa ku UK uja adzatsika ndege ndi loya wake, inu mutaika kale matailosi anu, ndipo khothi silidzawerenga matumba a simenti amene munathira.

Mufunsenso za mayi a pakhomopo. Chisinthireni lamulo mu 1997, nyumba imene banja limakhalamo imapita kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, osati kwa mwana wamkulu ngati kale. Nde ngati gogo ali moyo, kaya ali ku Mufakose kaya anabwerera kumudzi, mwini weniweni akhoza kukhala iwowo. Ndipo tisanamizane, madala athu ambiri amene anabwera nthawi imeneyo anali ndi banja kuno ndi lina kumudzi, komanso kwa ife achewa ana a mlongo nawo samachedwa kutulukira akamva kuti malume anasiya nyumba ku Harare. Lamulo la kuno mwina silingawapatse kanthu koma akhoza kukuchedwetsani miyezi mukuyenda mmaofesi.

China chimene chimavuta kwambiri pa nyumba za anthu akwathu ndi mayina. Munthu anabwera ndi dzina lina, kwa mzungu amagwira ntchito ndi dzina lina, kalaliki wa khonsolo analemba mmene anamvera, pa chitupa pali zina, pa satifiketi ya imfa pali zinanso. Ndinaonapo fayilo itaima nthawi yaitali chifukwa cha chilembo chimodzi, mpaka banja kukasaka anthu okalamba oti akalumbire kuti uyu ndi uyu ndi munthu mmodzi. Muike mapepala onse pa tebulo, muwerenge dzina chilembo ndi chilembo.

Ndalama musapereke mmanja. Agreement of sale alembe loya, ndalama zikakhale mu trust account ya loya mpaka zonse zitatheka, ndipo loyayo mufunse ku Law Society of Zimbabwe ngati alidi mkaundula. Akalowererapo ejenti nayenso mumufufuze ku Estate Agents Council, ma dobadoba achuluka mu Harare muno, nyumba imodzi kugulitsa kwa anthu atatu. Changu chimene ali nacho mnyamatayo ndi chake, chisakhale chanu.

Madala Bilidala a ku Mabvuku

Mayi Nangozo anena zoona, koma poti mapepala si mbali yanga ine ndilankhula za khoma.

Mphwanga, mng'alu uli mitundu iwiri. Ulipo wa pulasitala, wowonda ngati ulusi, umangoyendayenda pamwamba, umenewo ndi wa tsiku limodzi. Nde ulipo wina wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, woyambira pa kona ya windo kapena ya chitseko, kumwamba kotakasuka kumunsi kopanikizana, ndipo ukapita panja umaupezanso malo omwewo. Mmene wafotokozeramu wakowo ndi wachiwiriwu, kutanthauza kuti vuto lili pansi, fawundeshoni yatsika mbali imodzi. Zimachitika pa zifukwa zingapo. Malo ena mu Harare ndi dothi lakuda la kudambo, mvula ikagwa limafufuma, ikafika October limauma nkung'ambika, nde nyumba imakwera nkutsika chaka ndi chaka. Pena ndi paipi ya suweji imene ikudontha pansi osaoneka. Pena ndi mtengo, ndipo mango amene watchulawo ndikuwakayikira kwambiri, mizu yake imamwa madzi pansi pa fawundeshoni mbali imodzi.

Upange chonchi usanagule. Upemphe kuti umate kachigamba ka pulasitala kopyapyala modutsa mng'aluwo malo awiri, ulembe deti pambali ndi pensulo, uzikaona. Kakasweka ndiye kuti khoma likuyendabe. Khoma loyenda ukamata ndi kupenta limaoneka bwino miyezi itatu, mvula yoyamba mng'alu wabwerera, ndipo ngati wagula nyumbayo waona kuti unabisa dala adzakusaka. Kukonza kwake nkukumba pansi pa fawundeshoni chigawo chigawo, osati yonse nthawi imodzi, kuthira konkire, kenako kusoka khomalo ndi brickforce kapena zitsulo mmizere ya njerwa. Ntchito imeneyi ndi imene idye $7,000 yakoyo mbali yaikulu. Ngati ming'alu yotere ili makoma awiri kapena atatu, itana injiniya aone, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kugwetsa khoma.

Denga. Asbestos yakale imakhala yosachedwa kusweka ngati bisiketi, usalole mnyamata aliyense kukwerapo popanda thabwa loponda. Komanso usaidule ndi grinder, fumbi lake limakhala mmapapo ndipo matenda ake amadzaoneka patapita zaka zambiri. Ngati mapepala osweka ndi awiri atatu, sintha omwewo basi, utsuke ndi madzi, upente. Ukati uchotse lonse uike malata a IBR udziwe kuti matabwa nawo asintha, ndipo poti pali chiswe pachitseko ndikukuuza kuti kudenga chiliko. Tenga sikuludiraiva, kwera pa makwerero, ubaye thabwa lililonse pamene lakhudza khoma. Ikalowa ngati mu buledi, thabwalo latha olo kunja likuoneka labwino. Ndipo nyumba yogula kaione tsiku la mvula, kuyambira November mpaka March nyumba siyinama, uona pamene padontha, uona kumene madzi a pabwalo akulowera.

Tsegula chivundikiro cha manhole, wina athire ndowa ya madzi mu toileti iwe ukuyang'ana ngati akudutsa. Malokeshoni athuwa mapaipi ake anaikidwa kalekale powerengera banja limodzi pa nyumba, lero pa nyumba pali mabanja anayi, ndipo tonse tikukumbuka kolera ya 2008 ndi ya 2018 mmene inavutira ku Budiriro ndi Glen View. Wogula akamva fungo pa geti sabweranso. Mawaya a magetsi aone munthu wa mapepala ake, osati mwana wa neba.

Tsono za kukongoletsa, apa mpamene oyamba kumene amatayira ndalama. Laini iliyonse ili ndi mtengo umene siingadutse. Ukaika khitchini ya kwa olemera ku Borrowdale ku Mufakose, wogula adzati yakongola, nkukupatsa mtengo wa ku Mufakose womwewo. Munthu wogula kulokeshoni amayang'ana madzi, chitetezo, denga, toileti yamkati. Kwathu kuno ku Mabvuku ndi Tafara mipope inakhala youma zaka, nde ndimadziwa mmene nkhope ya munthu imasinthira akaona thanki ya Jojo ili pa sitandi yake. Thanki, durawall ndi geti lotsekeka, bafa ndi toileti mkati, matailosi wamba a mtundu umodzi nyumba yonse, siling'i, penti yowala. Sola yaying'ono ya magetsi owunikira ndi firiji ngati ndalama yatsala. Zokwana.

Ndondomeko yake usaisokoneze: fawundeshoni ndi khoma, denga, mapaipi ndi mawaya, pulasitala, siling'i, matailosi, penti kumapeto. Ndaonapo anthu akuswa matailosi atsopano chifukwa pulambala anabwera mochedwa.

Ndikuuzenso za ife amisiri, olo anzanga andida. Usalipire ntchito yonse patsogolo, mugwirizane pa pepala chigawo chilichonse ndi mtengo wake, chikatha waona ndi maso walipira. Zipangizo ugule wekha, matumba a simenti uwerenge olowa ndipo opanda kanthu akusungire uwerengenso. Simenti usagule yambiri nthawi ya mvula, imauma mthumba. Mafelemu a zitseko ndi mawindo, ma burglar bar, mageti, ku msika wa Siyaso ku Magaba umapeza motchipa, koma upite ndi tepi ndi munthu wodziwa kuona makulidwe a chitsulo. Vuto lako lalikulu nlakuti iwe umakhala pamsewu. Ntchito yomanga mwini ali pa boda ku Musina, Lolemba pamabwera anthu awiri mmalo mwa asanu. Ndani azikhala pamalopo?

Zipinda za kuserizo ufunse ngati zili pa pulani yovomerezeka. Ife amene tinaona Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba, mu 2005 sitimaiwala, zipinda zakuseri zopanda pulani zinagwetsedwa malokeshoni onse, lipoti la UN la mayi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Zambiri zimene zilipo lerozi anamanganso pambuyo pake, zina ndi pulani zina ayi. Mapulani amavomerezedwa ku ofesi ya khonsolo ya ku Cleveland House, ndipo ngati ukufuna kulowetsa toileti mkati powonjezera kachipinda, pulani ikadutse kaye kumeneko. Wogula wochenjera amafunsa pulani.

NaPhiri Kuwadzana

Ine funso langa ndi lina, mugulitsiranji? Nyumba ili kale ndi maloja awiri kuseri, mukakonza yaikuluyo muikamo banja lina, mwezi ndi mwezi madola akulowa inu muli pa lole yanu. Ife amene tinaona 2008 ndalama ikusanduka mapepala, nkudzaonanso 2019 madola a ku banki akusanduka ndalama ya kuno ya RTGS, pano tili pa ndalama ina ya ZiG kuyambira 2024, timadziwa kuti njerwa ndi imene imasunga chuma mdziko muno. Mukagulitsa mugwira kashi, kashiyo muisunga kuti pamene mukusaka nyumba ina?

Koma ngati mwatsimikiza zogulitsa, malojawo musawaone mopepuka. Simungangofika nkuwauza kuti mawa mutuluke, kapena kuchotsa zitseko ngati mmene amapangira ena, mumangidwa. Pamafunika notisi yolemba, akakana ndi kukhothi, ndipo zimatenga nthawi. Bola mugwirizane mu agreement kuti wogulitsayo ndi amene awatulutse musanamalize kulipira. Komanso ndi anthu, ali ndi ana asukulu, muwauze nthawi ilipo.

Ndipo ogula a kashi yonse ndi ochepa achimwene, ngongole za nyumba ku mabanki sizipezeka wamba, ambiri adzakuuzani kuti ndipereke theka zotsala ndizipereka mwezi ndi mwezi. Amene amagula bwino ndi a ku diaspora, koma amenewo ndi amenenso amafunsitsa title deed.

Akawunti wa ku Waterfalls

Man, masamu anu aja ndawaona, tiyeni tiwabwereze limodzi chifukwa mwasiya anthu ambiri amene adye nawo pa mbale imeneyi.

Kugula $22,000. Wogula ndi amene amalipira loya wosintha umwini, ndipo ngati pali title deed palinso msonkho wa stamp duty, ikakhala cession khonsolo ili ndi fizi yake. Tingoyerekeza kuti zonsezi ndi $1,500, mtengo weniweni akuuzani loya. Kukonza mwati $7,000, koma mwamva zimene anena madala a ku Mabvuku za fawundeshoni ndi matabwa, ndipo durawall ndi thanki simunaziwerengere bwino, nde ine ndikuika $9,000 ndipo ndakukomerani mtima. Pafika $32,500. Mwaona? Mpamba wanu watha kale ndipo mwapyola ndi $500 nyumba isanalowe pa msika.

Tsono mwagulitsa pa $38,000 paja. Ejenti amatenga 5%, ndiyo $1,900, VAT yake sindinaike. Patsala $3,600. Kenako a msonkho, a ZIMRA. Nyumba imene mwagula panopa capital gains tax yake ndi 20% ya phindu, ndipo popanda satifiketi yawo umwini susintha kupita kwa wogula wanu. Akavomera zonse zimene munawononga, msonkho ndi $720, mwatsala ndi $2,880. Koma kuti avomere pamafunika malisiti. Mukagula simenti pakona opanda lisiti, bilidala mwamulipira mmanja osasainirana, $9,000 ija kwa iwo kulibe, aziona ngati phindu lanu ndi $12,600, msonkho $2,520, inu mwatsala ndi $1,080. Pa ntchito ya miyezi ingati? Nde kagulireni fayilo, lisiti iliyonse olo ya misomali muziikamo, ndipo muzijambula pa foni chifukwa inki ya malisiti a masiku ano imafufutika. Dziwaninso kuti mukamapanga zogula nkugulitsa kawirikawiri akhoza kuiona ngati bizinesi, msonkho wake nkukhala wina, zimenezo mukafunse musanayambe yachiwiri.

Sindinawerengere ngongole ya khonsolo. Nyumba ya malemu yokhala ndi maloja nthawi zambiri bilu ya madzi ndi ma rates palibe amene amalipira, aliyense amati ndi za landilodi. Rates clearance, satifiketi ya khonsolo yofunika posintha umwini, siituluka ngongole isanathe. Ndi udindo wa wogulitsa, koma mnyamata amene akuthamangira ku Joniyo adzakuuzani kuti lipirani mudzachotsere, nde zilembedwe. Mita ya magetsi ya ZESA nayo muione ngati ilibe ngongole yakale. Komanso miyezi yonse imene nyumba ikudikira wogula, ma rates ndi anu, mlonda ndi wanu, chifukwa nyumba yopanda munthu yokhala ndi thanki yatsopano ndi mawaya atsopano siigona masiku ambiri.

Ndipo $38,000 ija mwaimva kwa anthu a mu laini. Anthu amatchula mtengo umene mwini amaitanira, umene analandira samauziwa. Muyang'ane nyumba za ku Mufakose zimene zili pa msika panopa, muone zakhala nthawi yaitali bwanji, mufunse ma ejenti awiri atatu kuti yomaliza anagulitsa zingati.

Sindikuti musapange. Ndikuti pa $22,000 phindu wadya kale wogulitsa. Pa nyumba ya mng'alu wotere, ya maloja, ya mapepala a masiye, ine ndikanayambira pa $16,000 nkumakwera monyinyirika, ndipo ndikanasiya $3,000 pambali yosakhudza. Akakana musiyeni, nyumba zakutha mu Harare sizidzatha.

Madala Bilidala a ku Mabvuku

A akawunti, pa $9,000 mpomwe, koma $16,000 mnyamatayo akakutukwanani kkkk. Sitandi yokha ku Mufakose ili ndi mtengo wake, pali suweji, pali magetsi, pali msewu, makombi ali pafupi, si zofanana ndi masitandi a ma land baron, aja ogulitsa malo mwachinyengo, kuthengo uko. Pa $19,000 akhoza kumvana.

Mnyamata wa ku Ntcheu

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula mmaso, makamaka masamu a akawunti andipweteka mmimba. Ndinapita kukacheza naye mnyamata uja ndi mafunso a mayi Nangozo. Nyumba ndi ya cession, dzina ku khonsolo likadali la madala. Kwa Master sanapiteko, akuti amaona ngati poti abale ake onse anavomera pa gulu lawo la WhatsApp ndiye kuti zatha, mpaka anandionetsa mamesejiwo. Mayi awo anamwalira kale madala asanamwalire, koma nditafunsa za kumudzi anayamba kukanda mmutu, akuti kuli mlongo wawo wina wamkulu ku Dedza wa mayi ena amene sanamuonepo. Zipinda zakuseri pulani palibe. Bilu ya khonsolo sanandionetse, akuti aisaka.

Pa mtengo watsika mpaka $20,000 osavuta nkomwe, zimene zandipatsanso mantha. Koma akupempha kuti ndimupatseko $2,000 panopa kuti ayendetsere za kwa Master chifukwa iye alibe, tidzachotsera pa mtengo. Ndipange bwanji pamenepa? Kachigamba ka pulasitala ndamata madala, malo awiri monga munanenera. Za munthu woyang'anira ntchito, alamu anga ali ku Kambuzuma sali pa ntchito, ndimaganiza iwowo.

A NaPhiri, zosunga nyumbayo ndayamba kuziganizira, akazi anga nawo akunena zomwezo.

Nangozo wa ku Highfield

Achimwene, $2,000 mmanja mwa munthu amene wakuuzani yekha kuti akufuna kupita ku Joni? Basi ya ku Joni imanyamuka tsiku lililonse pa Roadport. Ndipo panopa iye si executor, palibe chimene angasaine chogwira nyumbayo, mukhala mwangomubwereka ndalama munthu wamba.

Ngati nyumbayo mwaikonda, mutengane kwa loya nonse awiri. Loya akuuzani zimene zimafunika kuti chuma chilembetsedwe ndi mtengo wake, ndipo ngati mukufuna kuthandiza, ndalamayo ipite kwa loya kapena mukalipire nokha ku ofesi lisiti ikhale ndi inu, zilembedwe kuti ndi ngongole imene idzachotsedwe. Olo zitatero dziwani kuti mukhoza kuitaya, chifukwa banja likakumana akhoza kusankha executor wina amene safuna kugulitsa, kapena kufuna mtengo wina. Mameseji a pa WhatsApp si chilolezo, a kunjawo adzafunika kusaina mapepala olumbirira kumene aliko. Mlongo wa ku Dedzayo ndi mwana wa malemu ngati anzakewo, atchulidwe kwa Master kuyambira pachiyambi, kumubisa nkumene kudzagwetse zonse mtsogolo. Ndipo poti ndi cession mukafunse ku khonsolo ngati nyumbayo inamalizidwa kulipiridwa komanso chimene chikufunika kuti title deed ituluke, mukadzaitenga mudzagulitsa mosavuta kwa a ku diaspora amene anena a NaPhiri. Zonsezi si za mwezi umodzi, nde pitirizani kuyang'ana nyumba zina uku mukudikira, ndipo njerwa olo imodzi musaike pamenepo dzina lisanasinthe.

Madala Bilidala a ku Mabvuku

Alamu akowo amadziwa kusiyanitsa mchenga wa kumtsinje ndi wa pa dzenje? Ngati sadziwa azingowerenga matumba ndi kukutumizira zithunzi madzulo aliwonse, zoweruza ntchito asiyire ena. Komanso uwalipire, mlamu wogwira ulele simungamukalipire.

Tumiza chithunzi cha mng'aluwo muno, uike bokosi la machesi pambali kuti ndione kukula kwake, ujambule mkati ndi panja, ndi china choonetsa kutalika kwa pakati pa mango ndi khoma. Loweruka likubwerali ndili ndi ntchito ku Warren Park, ndikaweruka msanga ndikhoza kudutsa ndidzaone ndekha, undigulira Mazoe basi.